Maginito pamutu pa wodwala: zimene dokotala wa matenda a maganizo ayenera kuphunzira ndi manja ake

Mu October 2008, bungwe la FDA, loona za mankhwala ndi zipangizo zachipatala ku America, linavomereza makina otchedwa NeuroStar kuti azithandizira anthu odwala matenda ovutika maganizo amene mapiritsi awakanika. Makinawo amatumiza mphamvu ya maginito kudutsa chigaza mpaka pa ubongo, munthu ali maso, atakhala pampando, popanda kumucheka kapena kumugonetsa. Njirayi imadziwika ndi zilembo zitatu, TMS. Ku Britain nakonso, bungwe la NICE, lopereka malangizo a zachipatala kumeneko, linatulutsa malangizo oivomereza mu 2015. Makina anafalikira msanga m'zipatala ndi m'makiliniki, koma maphunziro anatsalira m'mbuyo. Madokotala ambiri amene lero akuyika koyilo, waya wokulungidwa wotulutsa maginitowo, pamitu ya odwala sanaigwirepo pa zaka zonse zimene ankaphunzira ukatswiri wawo. Anadzaiphunzira pambuyo pake, pa kosi ya masiku owerengeka, kapena kwa munthu wotumidwa ndi kampani yogulitsa makinawo.

Zimenezi zimandidetsa nkhawa, chifukwa TMS imaoneka yosavuta kwa munthu woonerera. Wodwala amakhala pansi, makina amagogoda kwa mphindi zingapo, iye n'kudzuka kupita kuntchito. Koma mlingo wa chithandizochi sulembedwa pabotolo. Umayezedwa pamutu pa munthu aliyense payekha, ndi dzanja la dokotala. Ndipo dokotala wa matenda a maganizo ndi munthu amene kwa zaka zambiri ankaphunzitsidwa kumvetsera, kufunsa ndi kulemba mankhwala, osati kugwira mutu wa wodwala ndi tepi yoyezera.

Chimachitika n'chiyani m'mutumo

Mu 1831 Michael Faraday anasonyeza kuti mphamvu ya maginito ikamasintha mofulumira, imadzutsa magetsi mu chinthu chilichonse chodutsa magetsi chimene chili pafupi. Ubongo ndi chinthu chotero. Mu 1985 Anthony Barker ndi anzake ku Sheffield, ku England, anapanga makina otulutsa magetsi amphamvu kwa kanthawi kosakwana gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi kudzera mu waya wokulungidwa. Atayika koyiloyo pamwamba pa chigawo cha ubongo choyendetsa minofu, dzanja la munthu linagwedezeka lokha, iye osamva ululu woopsa umene anthu ankamva akamadutsitsa magetsi pachikopa cha mutu. Maginito amadutsa khungu ndi fupa popanda chotchinga, ndipo magetsi amakabadwira mu ubongo momwemo.

Mphamvu yake pa koyilo imafika pafupifupi matesla 1.5 mpaka 2, yofanana ndi ya makina ojambulira a MRI, koma imachepa msanga kwambiri ukamatalikira. Koyilo wamba, yooneka ngati nambala 8, imafika masentimita awiri kapena atatu okha mkati. Mfundo imeneyi wophunzira ayenera kuisunga pamtima, chifukwa pafupifupi cholakwika chilichonse chimene angachite chimachokera pamenepa: koyilo ikanyamuka pang'ono, ikapendekeka, kapena wodwala akasuntha mutu, makina amapitiriza kugogoda ngati zonse zili bwino pamene ubongo ukulandira zochepa.

Pa matenda ovutika maganizo, malo amene amalunjika ali kutsogolo kwa mutu, chakumanzere, pamwamba pang'ono pa mphumi. Zithunzi za ubongo wa odwala ambiri zinkasonyeza kuti chigawo chimenechi chimagwira ntchito mofooka, ndipo chimalumikizana ndi zigawo zakuya zokhudza mmene munthu akumvera mumtima, zimene koyilo singazifike. Mark George ku America mu 1995 ndi Alvaro Pascual-Leone ku Spain mu 1996 ndi ena mwa anthu oyamba kusonyeza kuti kugogoda pamalowa mobwerezabwereza, tsiku ndi tsiku, kumachepetsa matendawa mwa odwala ena. Akatswiri amati kubwerezako kumasintha mphamvu ya kulumikizana kwa maselo a ubongo, ngakhale tsatanetsatane wake akukanganabe.

Anthu ambiri amasokoneza TMS ndi ECT, njira yakale imene Ugo Cerletti ndi Lucio Bini anayambitsa ku Rome mu 1938. Pa ECT wodwala amagonetsedwa ndipo madokotala amadutsitsa magetsi m'mutu mwake n'kumugwetsa khunyu mwadala kwa kanthawi kochepa. Pa TMS khunyu ndi ngozi yoyenera kupewedwa. ECT ikadali yamphamvu kuposa TMS kwa munthu wodwalitsitsa, amene wasiya kudya ndi kumwa, amene akumva mawu kapena kukhulupirira zinthu zomwe kulibe, kapena amene moyo wake uli pachiswe lero lomwe. Dokotala wodziwa TMS koma wosadziwa nthawi yotumiza wodwala ku ECT ndi woopsa.

Chala chachikulu cha kumanja

Phunziro lenileni limayambira apa, ndipo palibe buku limene lingalowe m'malo mwake. Mitu ya anthu ndi yosiyana: wina ali ndi chigaza chochindikala, wina ubongo wake uli kutali pang'ono ndi fupa, wina maselo ake amadzuka msanga. Vuto ndi lakuti chigawo chakutsogolo chija sichiyankha. Ukachigogoda, palibe chimene chimaoneka ndi maso. Choncho madokotala amakayezera mlingo pamalo amene amayankha, pa chigawo choyendetsa dzanja, kenako n'kupita nawo mlingowo kutsogolo.

Wodwala amavala kachisoti ka nsalu kolembapo zizindikiro, amatseka m'makutu, ndipo amakhazika dzanja lamanja momasuka. Dokotala amayika koyilo kumanzere kwa mutu, popeza mbali yakumanzere ya ubongo ndiyo imayendetsa mbali yakumanja ya thupi, chogwirira chake chitaloza kumbuyo mopendekera madigiri 45. Amagogoda kamodzi, n'kudikira masekondi angapo, n'kusuntha pang'ono, n'kugogodanso, maso ali pa chala chachikulu. Akufunafuna malo amene chalacho chimadumpha kwambiri ndi mphamvu yochepa. Akawapeza amayamba kutsitsa mphamvu mpaka atafika pamene chala chimagwedezeka kasanu pa maulendo khumi. Mlingo umenewo umatchedwa motor threshold, ndipo chithandizo chonse chimawerengeredwa kuchokera pamenepo. Kawirikawiri amapereka 120 pa 100 ya mlingowo.

Pofotokoza zikumveka zophweka. Koma wophunzira woyamba kumene amagogoda mofulumira kwambiri, osapatsa ubongo mpata wobwerera m'malo. Amakhutira ndi malo oyamba amene chala chagwedezeka, pamene malo abwino ali sentimita imodzi pambali. Saona kuti wodwala, chifukwa cha mantha, waumitsa dzanja, ndipo mnofu wouma umadumpha ndi mphamvu yocheperapo kusiyana ndi womasuka. Dzanja lake lomwe limatopa, chifukwa koyilo ndi yolemera, ndipo imayamba kupendekeka iye osadziwa. Palinso kusiyana pakati pa kuyang'ana ndi maso ndi kumata timawaya pa mnofu wa chala: timawaya timaona kugwedezeka kumene maso sangaone, choncho maso kawirikawiri amapereka mlingo wokwererapo.

Zotsatira za kulakwitsa zimapita mbali ziwiri. Mlingo ukakwera kwambiri, wodwala amamva kuwawa ndipo mwayi wogwa khunyu umakula. Ukatsika kwambiri, palibe chimene chimaoneka, ndipo kumeneko ndiye kumandipweteka mtima. Munthu amene akuvutika ngakhale kudzuka pabedi amalimba mtima, n'kumabwera kuchipatala masiku asanu pa sabata kwa masabata asanu ndi limodzi, pamapeto pake n'kulembedwa mufayilo kuti TMS yamukanika, pamene sanailandire mokwanira n'komwe. Kwa munthu amene mapiritsi angapo amukanika kale, kumva kuti nayonso njira iyi yalephera si nkhani yaying'ono.

Tsitsi nalo lili ndi mbali yake, ndipo izi zikukhudza kwambiri amayi athu amene angakumane ndi makinawa ku Britain, ku America kapena ku South Africa. Tsitsi loluka, mesh, wigi kapena madiredi zimatalikitsa koyilo ndi chigaza. Ngati mayi anayezedwa tsitsi lili lomasula kenako n'kubwera ataluka, mlingo uja suli wolondolanso. Dokotala wophunzitsidwa bwino amakambirana naye zimenezi mwaulemu tsiku loyamba, n'kugwirizana kuti tsitsi likhale chimodzimodzi mpaka chithandizo chithe, kapena amayezanso likasintha.

Kuchoka pa chala kupita pamphumi

Akapeza mlingo, funso lotsatira ndi lakuti koyilo aiyike pati. Njira yoyambirira inali yongoyeza masentimita 5 kupita kutsogolo kuchokera pamalo a chala paja. Koma mitu siifanana kukula. Mu 2001 Uwe Herwig ndi anzake ku Germany anayesa njirayi pa anthu 22 poyerekeza ndi zithunzi za ubongo wawo, ndipo anapeza kuti mwa anthu 7 okha ndi mmene koyilo inafika pamalo ofunikawo. Mwa enawo inatsalira kumbuyo. Ichi ndi chifukwa chake ambiri anasamukira ku masentimita 5.5 kapena 6, ndipo mu 2009 gulu la ku Medical University of South Carolina, mumzinda wa Charleston, linafalitsa njira yotchedwa Beam F3. Pa njirayi dokotala amayeza mutu katatu ndi tepi: kuchokera pamwamba pa mphuno mpaka pa kafupa ka kunkhongo, kuchokera khutu mpaka khutu, ndi kuzungulira mutu wonse. Manambalawo amalowetsedwa mu kompyuta, imene imamuuza poyika chizindikiro.

Zipatala zokhala ndi ndalama zimajambula wodwala ndi MRI, kenako kamera imatsatira koyilo ndi mutu n'kumasonyeza pa sikirini pamene mphamvu ikulunjika. Michael Fox ndi anzake ku Boston anasonyeza mu 2012 kuti malo amene amathandiza kwambiri ndi amene ali ndi kulumikizana kwapadera ndi kachigawo kakuya kotchedwa subgenual cingulate. Ine ndimakhulupirira kuti wophunzira ayenera kuyamba ndi tepi, ngakhale chipatala chake chili ndi kamera. Tepi imamukakamiza kudziwa mutu ndi zala zake, ndipo akadzamaliza maphunziro mwina adzagwira ntchito pamalo pamene kamerayo palibe.

Za ndondomeko za kagogodedwe sindichedwapo, chifukwa izi munthu angathe kuziwerenga. Yakale ija imagogoda ka 10 pa sekondi kwa masekondi 4, n'kupuma masekondi 26, mpaka kukwana ka 3,000 pa mphindi 37 ndi theka. Ina imagogoda kamodzi pa sekondi kumanja kwa mutu. Yotchedwa theta burst, yogogoda katatukatatu mofulumira kwambiri, imagogoda ka 600 pa mphindi zitatu zokha, ndipo kafukufuku wa THREE-D, amene Daniel Blumberger ndi anzake anachita pa odwala 414 ku Toronto ndi Vancouver n'kufalitsa mu 2018, anapeza kuti siitsalira kumbuyo kwa yakale ija. Ku Stanford, Nolan Williams anapanga ndondomeko yopereka chithandizo ka 10 patsiku kwa masiku 5, imene FDA inavomereza mu 2022.

Amene ayenera kukhala pampandopo

Kusankha wodwala ndi ntchito imene dokotala wa matenda a maganizo sangaisiyire wina aliyense. Kafukufuku wamkulu wa STAR*D ku America anasonyeza kuti pafupifupi munthu mmodzi yekha mwa atatu ndi amene amachira ndi mankhwala oyamba, choncho anthu ofuna njira ina ndi ambiri. Koma sikuti aliyense amene akuti mapiritsi amukanika amukanikadi. Wina anamwa kwa masabata awiri okha n'kusiya. Wina anapatsidwa mlingo wochepa. Wina vuto lake ndi chithokomiro, mowa, kapena matenda a bipolar amene sanadziwike, ndipo mwa ameneyu TMS ingathe, mwa apo ndi apo, kumukankhira ku mbali ina ya kusangalala mopitirira muyezo ndi kusagona.

Kenako pamabwera mafunso a chitetezo. Kodi muli ndi chitsulo m'mutu kapena pafupi ndi mutu? Kachipangizo kothandiza kumva koyikidwa mkati mwa khutu, tizitsulo totsekera mitsempha ya mu ubongo, mawaya otakasa ubongo, kapena chidutswa cha chipolopolo, zonsezi zingalepheretse chithandizo. Zomata m'mano sizivuta. Kodi munagwapo khunyu, kapena kuvulala mutu kwambiri? Mukumwa mankhwala ati? Ena, monga clozapine, bupropion ndi tramadol, amachititsa kuti khunyu ligwe mosavuta, pamene ena monga carbamazepine amakweza mlingo uja wa pachala. Ndipo mafunsowa safunsidwa tsiku loyamba lokha. M'mawa uliwonse wodwala asanakhale pampando, wina ayenera kumufunsa ngati wagona, ngati wamwa mowa kapena wausiya mwadzidzidzi, ndiponso ngati dokotala wina wamusinthira mankhwala.

Kugwa khunyu pa TMS kumachitika mwa anthu osakwana mmodzi pa 1,000, ndipo kawirikawiri kumatha kokha. Kusowa kwakeko ndiye kumapangitsa kuti kukhale kovuta kuphunzitsa, chifukwa wophunzira angathe kumaliza zaka zake zonse osakuonapo. Sukulu zabwino zimachita zoyeserera: mmodzi amakhala wodwala, n'kuyamba kunjenjemera, ndipo wophunzira ayenera kuzimitsa makina, kuchotsa koyilo, kumugoneka chammbali, kusamuyika kanthu m'kamwa, kuwerenga nthawi, ndi kuitana thandizo ngati zafika mphindi zisanu. Ayeneranso kusiyanitsa khunyu ndi kukomoka wamba, kumene kumachitika chifukwa cha mantha kapena njala. Zovuta za tsiku ndi tsiku ndi zing'onozing'ono: mutu kuwawa, khungu la pamutu kupweteka, chikope kapena nsagwada kugwedezeka. Odwala ambiri amati zimamveka ngati gogomole akugogoda pamutu. Sabata yoyamba ndiyo yovuta, ndipo apa pamafunika luso lotembenuza koyilo pang'ono kuti ichoke pa mtsempha wa nkhope, kapena kukweza mphamvu pang'onopang'ono kwa masiku angapo, kuti munthu asathawe chithandizo. Phokoso lake ndi lalikulu moti wodwala ndi woyendetsa makina onse ayenera kutseka m'makutu.

Pali chinthu china chimene munthu wa kampani sangaphunzitse bwino, ngakhale atakhala woona mtima chotani: mmene dokotala angauzire wodwala zoona za mwayi wochira. Pa kafukufuku wa OPT-TMS wa mu 2010, amene anayerekeza makina enieni ndi onamizira pa odwala 190 osamwa mankhwala a matendawa, odwala 14 pa 100 alionse anachira ndi makina enieni, pamene 5 pa 100 anachira ndi onamizira. Pa kafukufuku wa Linda Carpenter ndi anzake wa mu 2012, wotsatira odwala 307 m'makiliniki wamba, 58 pa 100 anapezako bwino ndipo 37 pa 100 anachira, koma kumeneko kunalibe gulu loyerekezera ndipo ambiri ankamwanso mankhwala. Ndondomeko ya ku Stanford inachiza odwala 11 mwa 14, poyerekeza ndi 2 mwa 15 a makina onamizira, zomwe ndi zosangalatsa kwambiri, koma anthu 29 ndi ochepa. Wophunzira ayenera kudziwa manambala onsewa ndi chifukwa chake akusiyana. Munthu wosweka mtima amagwira mwamphamvu chiyembekezo chilichonse chimene wapatsidwa, choncho kumutchulira nambala yokoma yokhayo ndi kumulakwira.

Amene akuphunzitsa ndani

Ku America dokotala akamaliza sukulu ya udokotala amaphunzira ukatswiri wa matenda a maganizo kwa zaka zinayi. Bungwe la ACGME, loyang'anira maphunzirowa, limafuna kuti adziwe nthawi yoyenera kugwiritsa ntchito ECT ndi njira zina zotakasa ubongo. Kudziwa nthawi yake ndi kutha kuchita ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo sukulu iliyonse imachita mmene ingathere. Ina ili ndi makina ndi aphunzitsi, ina ili ndi ola limodzi la m'kalasi basi.

Mu 2014 Nolan Williams, Mark George ndi anzawo ku Charleston analemba m'magazini ya Academic Psychiatry kuti nthambi ya matenda a maganizo ikufunika maphunziro apadera a ntchito zamanja, monga mmene madokotala a mtima ndi a mitsempha alili nawo. Kuyambira pamenepo mayunivesite angapo atsegula chaka chowonjezera cha maphunziro otere. Bungwe la Clinical TMS Society, limene linayamba mu 2013, limachititsa makosi, ndipo ku Berenson-Allen Center ku Boston kwakhala kukuchitika kosi yotchuka kwa zaka zambiri. Mu 2021 komiti ya IFCN, bungwe lapadziko lonse la akatswiri oyeza kagwiridwe ntchito ka ubongo ndi mitsempha, inatulutsa malangizo osiyanitsa zimene ayenera kudziwa woyendetsa makina, dokotala, ndi wochita kafukufuku.

Kusiyanitsako n'kofunika, chifukwa m'makiliniki ambiri dokotala amayeza mlingo ndi kupeza malo tsiku loyamba, ndipo masiku otsatirawo makina amayendetsedwa ndi namwino kapena munthu wina wophunzitsidwa. Ena amati ndiye palibe chifukwa choti dokotala ataye nthawi ndi koyilo. Ine ndikuona mosiyana. Munthu sangayang'anire ntchito imene sanaigwirepo. Namwino akabwera kudzanena kuti lero chala cha wodwala chikugwedezeka pamene koyilo ili pamphumi, dokotala ayenera kudziwa nthawi yomweyo kuti mwina koyilo yatsetserekera kumbuyo kapena mphamvu ikufalikira kumene siikufunika, ndipo makina aime kaye. Maphunziro a kampani ali ndi ntchito yake, chifukwa makina a NeuroStar, MagVenture, Magstim ndi BrainsWay amasiyana mabatani ndi makoyilo omwe. Koma kampani imaphunzitsa makina ake, ndipo ilibe chifukwa chokhalitsa pa funso la odwala amene sayenera kuwagwiritsa ntchito.

Chopinga china chili pa kalendala. Ophunzira ambiri amasinthidwa malo ogwirira ntchito mwezi ndi mwezi, pamene chithandizo chamasiku onse chimatenga maulendo 30 pa masabata asanu ndi limodzi, kuphatikizapo ena 6 otsitsira pang'onopang'ono. Odwala ambiri sayamba kusintha mpaka sabata yachitatu kapena yachinayi. Wophunzira wa mwezi umodzi amaona chiyambi cha wodwala mmodzi ndi mapeto a wina, osaona ulendo wonse wa aliyense. Saona mayi amene manambala ake pa PHQ-9, mafunso oyezera kukula kwa matendawa, anaima kwa masabata atatu kenako n'kuyamba kutsika, ndipo saphunzira nthawi yoyenera kudikira, kuyezanso mlingo, kusamukira mbali ina ya mutu, kapena kuvomereza kuti njirayi yakanika. Saonanso zimene zimachitika pambuyo pake. David Dunner ndi anzake atatsatira odwala 257 kwa chaka chathunthu, pa kafukufuku wofalitsidwa mu 2014, anapeza kuti 36 pa 100 alionse anafunika kubwereranso pampando. Choncho m'malo mwa mwezi umodzi wothithikana, ndi bwino wophunzira apatsidwe theka la tsiku sabata iliyonse kwa chaka chonse, akhale ndi odwala akeake amene wawayeza yekha mphunzitsi ali pambali, ndipo akhale ndi iwo mpaka tsiku limene ena mwa iwo adzaimba foni kunena kuti tulo tayambanso kusowa.